Mgwirizano umachokera kuti ngati wadyera ndiye amapindula? Mafunso ndi mayankho

Funso ili linamuvuta Charles Darwin yemwe, katswiri uja amene anafotokoza za chisinthiko cha zamoyo. Ngati m'chilengedwe chopambana ndi chimene chadya bwino n'kusiya ana ambiri, bwanji njuchi imafera mng'oma wake? Bwanji mleme woyamwa magazi umalavulira unzake magazi amene wavutika nawo usiku wonse? Nanga munthu, bwanji amasiya khasu m'munda kukakumba manda a munthu amene si mbale wake? Wothandiza amataya, wodyera anzake masuku pamutu amapindula, ndiye tikanayembekezera kuti othandiza anatha kalekale. Koma sanathe. Pansipa ndayankha mafunso amene anthu amandifunsa ndikayambitsa nkhaniyi.

Kodi game theory n'chiyani, ndipo yalowa bwanji m'nkhani ya zamoyo?

Ndi masamu ofufuza zosankha pamene phindu lanu silidalira inu nokha, koma likudaliranso chimene mnzanu wasankha. Wosewera bawo amazidziwa izi: njira yabwino imadalira kumene mnzako waika nkhomo zake. John von Neumann ndi Oskar Morgenstern anayala maziko a masamuwa mu 1944, ndipo iwo ankaganiza za anthu ochenjera amene amawerengera phindu asanachite kanthu.

Mu 1973, John Maynard Smith ndi George Price anachotsamo kuchenjerako. Nyerere siwerengera, bakiteriya alibe mutu. Chilichonse chimangobadwa ndi khalidwe lake, ndipo khalidwe limene lapindula kwambiri limasiya ana ambiri, n'kuchuluka m'mbadwo wotsatira. Choncho funso silikhalanso lakuti "wanzeru angasankhe chiyani?" koma lakuti "pakapita mibadwo chikwi, ndi khalidwe liti limene lidzakhale lilipobe?" Iwo anatchula khalidwe lokhazikika kuti ndi lija loti pafupifupi onse akalitsatira, mlendo wobwera ndi khalidwe lina sangathe kufalikira pakati pawo. Kwa anthu, kufalikiraku sikuchita kudikira kubereka ayi. Timaonera kwa anzathu amene zikuwayendera n'kutengera.

Masewera a akaidi awiri amene amatchulidwa kawirikawiri aja ndi otani?

Dzina lake ndi Prisoner's Dilemma. Merrill Flood ndi Melvin Dresher anawayambitsa mu 1950 ku bungwe la RAND ku America, ndipo Albert Tucker ndiye anawaveka nthano ya akaidi awiri ofunsidwa mafunso m'zipinda zosiyana. Nthanoyo tiisiye, tione mapointi okha.

Muli awiri, ndipo aliyense asankhe mwamseri kuthandiza kapena kumana. Mukathandizana, aliyense apeza 3. Mukamanana, aliyense apeza 1. Wina akathandiza wina n'kumana, womanayo atenga 5, wothandizayo achoka chimanjamanja ndi 0.

Tsopano khalani pampando wa wosewera. Mnzanu akathandiza, inu kumana kukupatsani 5 m'malo mwa 3. Mnzanu akamana, kumana kukupatsani 1 m'malo mwa 0. Kulikonse kumene mnzanu angalowere, kumana ndiko kukupindulirani. Vuto n'lakuti iyenso akuwerenga chimodzimodzi, ndiye nonse mubwerera kwanu ndi 1, pamene 3 inali pomwepo. Palibe wopusa pa awirinu. Aliyense wachita mwanzeru, ndipo nzeruzo n'zimene zakusaukitsani nonse. Masewerawa akaseweredwa kamodzi kokha pakati pa anthu okumana mwachisawawa, omana amachuluka mpaka othandiza kutheratu. Kafukufuku yense amene ndikufotokoza pano ndi kufunafuna chimene chimathyola msampha umenewu.

Kodi yankho si ubale basi? Njuchi zimathandizana chifukwa ndi za mimba imodzi.

Ubale ndi gawo lalikulu la yankho. William Hamilton analilemba m'masamu mu 1964. Mfundo yake inali yakuti chimene chimafalikira ndi majini (genes), tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa kuchoka kwa makolo kupita kwa ana, ndipo majini anu ali mwa abale anunso. Ndi m'bale wa bambo ndi mayi mmodzi mumagawana theka, ndi msuweni gawo limodzi mwa magawo 8. Khalidwe lothandiza limafalikira ngati phindu la wothandizidwa, mutalichulukitsa ndi kuyandikira kwa ubalewo, likuposa chimene wothandiza wataya. Njuchi yantchito sibereka, koma imalera ana a mayi ake, ndipo majini oichititsa zimenezi amapitirira kudzera mwa anawo.

Thupi lanu lomwe ndi chitsanzo. Maselo ake onse, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupilo, anachokera ku selo limodzi, n'chifukwa chake selo la pakhungu limalola kufa kuti ena akhale. Selo likapandukira mgwirizanowu n'kuyamba kungodya ndi kuswana losasamala anzake, matenda ake timawatcha khansa.

Koma ubale sufotokoza chifukwa chimene mumabwereka mchere kwa mnansi amene munangokumana naye m'tauni.

Nanga osakhala pachibale amathandizana chifukwa chiyani?

Chifukwa adzakumananso mawa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo Robert Trivers anaonetsa mu 1971 kuti chilengedwe chikhoza kukonda khalidwe lotero ngati awiriwo amakumana mobwerezabwereza. Koma amene anaionetsa nkhaniyi poyera ndi Robert Axelrod wa ku yunivesite ya Michigan, ndipo njira imene anatsata imandisangalatsabe mpaka lero.

Iye anapempha akatswiri a masamu, a zachuma ndi a maphunziro ena kuti aliyense atumize pulogalamu ya pakompyuta yosewera masewera a akaidi aja. Mapulogalamu 14 anafika, iye n'kuwonjezerapo imodzi yosankha mwachisawawa. Iliyonse inasewera ndi inzake iliyonse maulendo 200. Zotsatira zinatuluka mu 1980. Ena anatumiza mapulogalamu aatali, odzaza ndi misampha yoyesera ngati mnzawo ndi wopusitsika. Inapambana inali yaifupi kuposa onse, ya Anatol Rapoport wa ku Toronto, yotchedwa Tit for Tat. Malamulo ake ndi awiri okha: ulendo woyamba thandiza, kenako chita chimene mnzako anachita ulendo wapitawo. Inapeza mapointi pafupifupi 504 pa masewera alionse.

Axelrod anaulutsa zotsatirazo kuti aliyense adziwe, n'kuitanitsa mpikisano wachiwiri. Panabwera mapulogalamu 62 ochokera m'maiko 6, ambiri atapangidwa ndi cholinga chogwetsa Tit for Tat. Rapoport anatumizanso yomweyo, osasintha kanthu. Inapambananso.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti Tit for Tat siposa mnzake m'masewera ngakhale amodzi. Singathe n'komwe, chifukwa siyamba kumana. Imalingana ndi mnzake kapena kutsalira pang'ono. Imapambana pamapeto chifukwa aliyense wosewera nayo amaona kuti kuthandizana nayo ndiko kopindulitsa, pamene ochenjera aja akakumana okhaokha amangokokerana pansi. Pa mpikisano woyamba, mapulogalamu 8 a pamwamba onse anali oti sayamba ndiwo kumana.

Kenako Axelrod anachita ngati chilengedwe: pulogalamu yopeza mapointi ambiri ichuluke m'mbadwo wotsatira, yopeza ochepa ichepe. Ina yotchedwa Harrington, imene inkadyera mapulogalamu opusitsika, inakwera msanga m'mibadwo yoyamba. Koma opusitsikawo atatha, inasowa chodya n'kuzimirira nayonso.

Chabwino, koma ngati onse ali omana, wothandiza woyamba angayambire pati?

Ili ndiye funso lenileni, ndipo ndi pano pamene ndikufuna muchedwepo. Tengani pensulo.

M'mudzi wa omana okhaokha, awiri akasewera maulendo 200 aliyense amapeza 200. Pabwere mlendo mmodzi wa Tit for Tat. Ulendo woyamba athandiza n'kupeza 0, kenako azimana ngati anzake, ndipo amaliza ndi 199. Wachepa ndi pointi imodzi yokha, koma m'chisinthiko cha zamoyo kuchepa n'kuchepa basi. Mbeu yake siphuka. Wothandiza mmodzi payekha sangasinthe mudzi wotere.

Tsopano alendowo abwere angapo, amange nyumba moyandikana. Tinene kuti pa masewera 10 alionse, amodzi okha ndiwo amasewera ndi mlendo mnzawo, ena 9 amasewera ndi omana. Akakumana okhaokha, aliyense amapeza 3 maulendo onse 200, kutanthauza 600. Phatikizani 600 kamodzi ndi 199 maulendo 9, mugawe ndi 10: mupeza pafupifupi 239. Eni mudzi akadali cha pa 200. Kagulu kochepako kawaposa kale, ndipo m'mbadwo wotsatira kakula, kukumana kwawo kuchuluka, phindu lawo likwereranso.

Ndiye chinsinsi chili pakuti othandiza azikumana ndi othandiza anzawo koposa mmene zikanakhalira mwangozi. Ubale umachita zimenezi. Kubwezerana kumachita zimenezi. Kukhala moyandikana nakonso. Mu 1992 Martin Nowak ndi Robert May anaika osewera pa bolodi ngati la chesi, aliyense akusewera ndi anansi ake okha n'kumatengera khalidwe la mnansi amene wapindula koposa. Panalibe kukumbukira, panalibe kubwezera. Komabe othandiza anapulumuka, chifukwa ankaunjikana m'timagulu: a m'mphepete ankadyeredwa, koma a m'kati ankalemera. Mu 2006 Hisashi Ohtsuki ndi anzake anapeza lamulo losavuta la zimenezi: mgwirizano umafalikira ngati phindu la thandizo, mutaligawa ndi mtengo wake, likuposa chiwerengero cha anansi amene aliyense ali nawo. Anansi akachepa mgwirizano umamera mosavuta, akachuluka kwambiri umavuta.

Ndiye Tit for Tat ndiyo njira yoposa zonse?

Ayi, ndipo ndimadandaula kuti ambiri amalekera pamenepo. M'mipikisano ya Axelrod munalibe kulakwitsa, pamene m'moyo dzanja limaterereka ndipo khutu limamva molakwika. Ikani awiri a Tit for Tat, mmodzi amane mwangozi kamodzi kokha. Winayo abwezera. Woyamba uja, amene pa ulendowo anali atabwerera kale kukuthandiza, aona kuti wamanidwa, naye abwezera. Zikhala choncho mpaka kalekale, uyu 5 uyo 0, kenako uyu 0 uyo 5, pomwe palibe amene anafuna mkangano. Amene anaonapo mabanja awiri osayankhulana zaka khumi chifukwa cha mbuzi imene inadya chimanga, akudziwa mmene zimakhalira.

Nowak ndi Karl Sigmund anaonetsa mu 1992 kuti pamene pali kulakwitsa, njira yokhululuka imalanda malo. Imabwezera ndithu, koma pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu imangozisiya, ndipo mkangano umazima. Chaka chotsatira anapeza ina yamphamvu kuposa imeneyo: zikakuyendera bwino bwereza chimene unachita, zikakuvuta sintha. Awiri otsatira njirayi akalakwitsa, amamanana ulendo umodzi, onse n'kuona kuti zawavuta, n'kubwerera limodzi kukuthandizana.

Makompyuta anaonetsanso chinthu chowawa. Omana akachuluka, obwezera ndiwo amawagonjetsa. Obwezera akachuluka, okhululuka amawalowa m'malo. Mtendere ukakhalitsa, othandiza aliyense mosayang'ana nkhope amachuluka mwakachetechete, popeza palibe chowasiyanitsa ndi anzawo. Akachuluka amenewo, khomo latseguka, ndipo womana mmodzi akalowa amadya mpaka kukhuta. Gudumu limayambiranso. Mgwirizano sufika poti wakhazikika kosatha.

Kodi izi zimachitikadi kunja kwa kompyuta?

Zimachitika, ngakhale kuti nyama zosewera ndendende ngati Tit for Tat n'zochepa kuposa mmene anthu ankaganizira poyamba.

Mileme yoyamwa magazi ya ku Costa Rica, imene Gerald Wilkinson anaifotokoza mu 1984, imafa ikakhala masiku pafupifupi atatu osadya. Umene wakhuta umalavulira umene wabwera wanjala, ndipo thandizoli limapita kwa abale komanso kwa imene imagona nayo pamodzi kwa nthawi yaitali. Kafukufuku wa Gerald Carter ndi Wilkinson mu 2013 anapeza kuti chimene chimalosera bwino kuti mleme upatsa ndani ndi chakuti unalandirapo kwa ndani, kuposa ubale umene.

M'nyanja zamchere muli kansomba kotchedwa Labroides dimidiatus, kamene kamadya tizilombo pakhungu la nsomba zikuluzikulu. Iko kamakonda kwambiri zoterera za pakhungu la nsombayo kuposa tizilomboto, ndiye nthawi zina kamaluma. Redouan Bshary ndi anzake anaona kuti nsomba yolumidwa imakathamangitsa kapena kusamukira kwa kena, ndiponso kuti kansombako kamachepetsa kuluma pamene nsomba zina zikuonerera.

Mabakiteriya a Pseudomonas aeruginosa amatulutsa mankhwala okoka ayironi (chakudya chimene amafuna kuti akule), amene aliyense wapafupi amapindula nawo. Pamabadwa ena osatulutsa koma ongodya. Ofufuza anaonetsa mu 2004 kuti otulutsa amapambana akakhala pakati pa abale awo, ndipo amagonja akasakanikirana ndi achilendo.

Ngakhale pankhondo yoyamba yapadziko lonse, m'madera ena a ku France ndi Belgium kumene magulu omwewo a asilikali ankayang'anizana m'maenje kwa miyezi, mbali ziwirizo zinkaleka kuomberana pa nthawi ya chakudya, kapena kuombera dala pamalo opanda munthu. Akuluakulu a nkhondo anathetsa zimenezi polamula kuti asilikali azikazembera adani m'maenje mwawo, chinthu chimene sungachite mwachiphamaso.

Nanga mbalame ija yotsogolera anthu ku njuchi?

Imeneyo ndi nkhani yokoma, ndipo ndi yapafupi ndi kwathu. Ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique, Ayao ofula uchi amaiitana ndi kulira kwapadera. Claire Spottiswoode ndi anzake anapeza mu 2016 kuti kulirako kumakweza mwayi wotsogoleredwa kuchoka pa 33 kufika pa 66 peresenti, ndi mwayi wopeza njuchi kuchoka pa 17 kufika pa 54 peresenti. Koma zindikirani kuti apa msampha wa akaidi uja ndi wochepa. Munthu akufuna uchi, mbalame ikufuna phula, ndipo siingathe kutsegula yokha mtengo umene muli njuchizo. Mgwirizano wambiri m'chilengedwe ndi wamtundu umenewu, woti aliyense amapindula pompopompo, ndipo sufuna masamu ovuta kuti umveke.

Bwanji timathandiza munthu amene sitidzamuonanso?

Chifukwa ena akuona, ndipo anthu amayankhula. Nowak ndi Sigmund anaonetsa mu 1998 kuti ngati aliyense ali ndi mbiri imene imakwera akathandiza n'kutsika akamana, ndipo anthu amathandiza a mbiri yabwino, mgwirizano ukhoza kukhazikika ngakhale awiri asadzakumanenso. Wobweza si amene munamuthandiza, ndi wina amene anamva za inu. Amene sapita kumaliro a anzake amadziwa chimene chidzachitike maliro akadzagwa pakhomo pake.

Njirayi imayenda pokhapokha ngati mwayi woti mbiri ya munthu idziwike ukuposa mtengo wa thandizo mutaugawa ndi phindu lake. Apa ndi pamene munthu amasiyana ndi zamoyo zina, pakuti tili ndi chiyankhulo. Miseche imene timaidzudzula ija ndiyonso imanyamula mbiri kuchoka pachitsime kufika kumsika. Pali mfundo ina yovuta imene ofufuza analimbana nayo zaka zambiri: munthu akamana womana, mbiri yake itsike kapena ayi? Ngati itsika, palibe adzafune kulanga woipa. Malamulo a mbiri amene amagwira ntchito ndi aja amene amasiyanitsa kumana kwa dyera ndi kumana koyenera.

Zonsezi ndi za anthu awiriawiri. Nanga chinthu cha gulu lonse, monga nyanja kapena nkhalango?

Apa zimavuta kwambiri, chifukwa simungabwezere munthu mmodzi popanda kupweteka onse. Ernst Fehr ndi Simon Gächter anayesa izi ku Switzerland. Anthu anayi, aliyense apatsidwa ndalama 20. Zonse zoponyedwa m'thumba la gulu zichulukitsidwa ndi 1.6 n'kugawidwa mofanana. Onse akaponya zonse, aliyense apeza 32. Koma mmodzi akabisa zake atatu n'kuponya, iye achoka ndi 44, anzakewo 24. Anthu amayamba bwino, koma akaona kuti wina akudyera, nawonso amabweza dzanja, ndipo thumba limauma.

Atalola osewera kulipira 1 kuti wodyera alandidwe 3, zopereka zinakwera, ndipo anthu ankalanga ngakhale munthu amene sadzaseweranso naye. Zotsatirazi zinatuluka mu 2002. Koma chilango si mankhwala a matenda onse. Kafukufuku wa mu 2008 m'mizinda 16 anapeza kuti m'malo ena, monga Athens ndi Muscat, odyera ankatembenuka n'kumalanga opereka, ndipo kumeneko chilango sichinathandize kwenikweni.

Garrett Hardin analemba mu 1968 kuti chuma cha onse chimathera kuwonongeka. Elinor Ostrom anafufuza zimene zimachitikadi m'midzi, ndipo anapeza midzi yambiri imene yasunga chuma chotere kwa zaka mazana. Ku Törbel, m'mapiri a Switzerland, lamulo la mu 1517 limati munthu asatumize kubusa wa onse ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'nyengo yozizira. Ku Alanya m'dziko la Turkey asodzi ankachita maere a malo ophera nsomba n'kumasinthana tsiku ndi tsiku. Ku Valencia m'dziko la Spain khoti la alimi othirira limakumana Lachinayi lililonse pakhomo la tchalitchi. Chofanana m'malo onsewa n'chakuti eni ake ndiwo amapanga malamulo, amadziwa amene ali m'gulu ndi amene salimo, amalonderana okha, ndipo chilango chimayamba chochepa n'kumakula munthu akabwereza. Ostrom analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, mayi woyamba kuilandira. Ndikawerenga za iye ndimakumbukira chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka makumi angapo, asodzi n'kumamvera.

Kodi zikutanthauza kuti chikondi ndi chifundo ndi kuwerengera phindu chabe?

Ayi. Pali mafunso awiri osiyana: chimene chimachitika mumtima mwa munthu, ndi chifukwa chimene mtima wotero unapulumukira m'mibadwo yonseyi. Mayi wodzuka pakati pa usiku chifukwa mwana watentha thupi sawerenga majini. Amamukonda mwanayo, ndipo chikondicho n'chenicheni. Masamuwa amangofotokoza chifukwa chimene anthu okonda moteremu sanamezedwe ndi adyera. Komanso sanena chimene chili choyenera. Mphamvu yomweyo imene imamanga gulu ndi imene imagwirizanitsa mbava, kapena amalonda ogwirizana kukweza mitengo, kapena mtundu wina poukira unzake.

Kodi akatswiri amagwirizana pa zonsezi?

Pa mfundo yaikulu inde, pa kafotokozedwe ayi. Mu 2006 Nowak anasanja njira zisanu: ubale, kubwezerana, mbiri, kuyandikana, ndi mpikisano wa pakati pa magulu. Ena amati zingapo mwa izi ndi lamulo la Hamilton lomwe lija litavala malaya ena. Mu 2010 Nowak, Corina Tarnita ndi Edward Wilson anatsutsa kufunika kwa masamu a Hamilton, ndipo akatswiri oposa 100 anasaina kalata yowayankha. Mu 2012 William Press ndi Freeman Dyson anadabwitsa onse popeza njira zimene wosewera angakakamize nazo mnzake kulandira gawo lochepa. Koma ataziika m'gulu lalikulu losinthika, zinapezeka kuti olanda otere akachuluka amakumana okhaokha n'kusauka, ndipo abale awo owolowa manja ndiwo amafalikira.

Ndingayese bwanji ndekha?

Simufunika kompyuta. Pezani anthu 8 kapena 10, mbale ya nyemba zowerengera mapointi, ndi timiyala tiwiri kwa aliyense, koyera kothandiza ndi kakuda komana. Awiriawiri afumbate mwala kumbuyo, atambasule manja nthawi imodzi, wina azigawa nyemba motsata 5, 3, 1 ndi 0.

Poyamba asinthane anzawo ulendo uliwonse, ndipo muone timiyala takuda tikuchuluka. Kenako aliyense akhale ndi mnzake mmodzi maulendo 20. Kachitatu abwererenso kosinthana, koma zosankha za aliyense zizilembedwa pa bolodi poonekera onse.

Pa chigawo chachiwiri chija, gulu lina muliuze kuti maulendo ndi 20, lina musaliuze. Odziwa mapeto kawirikawiri amayamba kumana cha pa 19 kapena 18, pakuti ulendo womaliza ulibe mawa, ndipo wodziwa kuti mnzake adzamana pa 20 saonanso chifukwa chodikira. Axelrod anakumana ndi vuto lomweli pa mpikisano woyamba, pamene aliyense ankadziwa kuti masewera athera pa 200. Pa wachiwiri anasiya kuti kutalika kwa masewera kusankhidwe ndi maere, wosewera aliyense osadziwa kuti ulendo womaliza ndi uti.